Kwa achimwene okwera sitima miyezi 8: panganani kaye za uthenga wa maliro

Achimwene, mwafunsa zingapo: za malipiro a pa sitima ya pamadzi yonyamukira ku Cape Town ija, za zovala za mphepo, kenako mwati munaonera vidiyo ya ma astronaut (anthu opita mumlengalenga) ndiye mukufuna kudziwa kuti amatha bwanji kukhala motsekeredwa miyezi yambirimbiri mutu osasokonekera. Ine ndiyankha chomalizachi. Amene akukuuzani kuti "ingolimbani mtima, ndinu mwamuna" aja sanakhalepo pamalo poti ngakhale utalira bwanji sungachokepo.

Ma astronaut sadalira kulimba mtima kokha ayi. Zonse zimakonzedwa asananyamuke. Pa siteshoni yawo ya mumlengalenga yotchedwa ISS dzuwa limatuluka ndi kulowa ka 16 pa tsiku, chifukwa amazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, choncho satsatira dzuwa, amatsatira wotchi ya GMT. Nthawi yogona, yodzuka, yakudya, zonse n'zolembedwa. Amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse. Amayankhula ndi apabanja pa vidiyo mlungu uliwonse, ndipo milungu iwiri iliyonse amacheza mwamseri ndi katswiri wa za maganizo, kaya ali ndi vuto kaya alibe. Sadikira kuti munthu agwe kaye.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ichi. Asanapite amafunsidwa kuti kukagwa zovuta kumudzi akuuzeni kapena adikire mubwere. Anthuwa anaphunzira movutikira. Mu 1978 Georgy Grechko ali pa siteshoni ya Salyut 6 bambo ake anamwalira, anamubisira mpaka atatera pansi. Mu Disembala 2007 mayi ake a Dan Tani anamwalira galimoto yawo itagundidwa ndi sitima ya pamtunda ku Illinois, iye ali pa ISS. Iyeyu anamuuza mwamseri tsiku lomwelo, koma kumaliro sanapiteko, anabwerako mu Febuluwale 2008.

Ine zinandichitikira. Ndinali pa kampu ina kutchire miyezi 7, netiweki timakaipeza Lamlungu pokwera kaphiri. Tsiku lina foni itangogwira, chinthu choyamba kuona chinali chithunzi cha azakhali amene anandilera, pa status ya msuweni wanga, pansi atalemba kuti muuse mumtendere. Anali ataikidwa masiku asanu apitawo. Kunyumba anagwirizana zondibisira kuti ndisasokonezeke pa ntchito. Ndinakhala pamwala pomwepo mpaka kunada, foni ili m'manja, osaimbira aliyense. Milungu yotsatira sindinkagona, ndinkakalipira anzanga popanda chifukwa, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kudula zala pa makina chifukwa maganizo anali kwina. Chisoni ndikanachipirira. Chinandidya ndi mkwiyo, komanso kuti kuchokera pamenepo akandiuza kuti "tonse tili bwino" sindinkakhulupirira.

Ndiye musananyamuke khalani pansi ndi alamu ndi akuluakulu a kwanu. Sankhani munthu mmodzi yekha wokuuzani nkhani zolemetsa, ndipo mugwirizane kuti azidzera kuti: kwa kaputeni, pa imelo ya sitima, kapena pakamwa mukaimba. Achibale enawo muwachenjeze kuti asamaponye zithunzi inu musanamve. Nkhaniyi ndi yovuta kuiyamba, ena ati mukuitana tsoka, koma iyambeni.

Chenjezo lachiwiri: musakhomere mtima pa tsiku lobwerera. Frank Rubio anapita kukakhala miyezi 6, chombo cha Soyuz chimene chimayenera kumubweza chinayamba kudontha, anakhala masiku 371. Butch Wilmore ndi Suni Williams ananyamuka mu Juni 2024 ulendo wa masiku ngati 8, anabwerako mu Malichi 2025. Pa sitima nazonso kontrakiti imatalika. Ana musawalonjeze kuti "Khirisimasi ndidzakhala ndafika", ndipo inu musamadule masiku pa kalendala kuyambira tsiku loyamba. Nthawi yoopsa si mwezi woyamba, pamene zonse zikadali zachilendo. Ambiri amafooka akangodutsa theka, pamene mwatopa koma kumapeto kukadali kutali. Pa miyezi 8 yanuyo muziyang'anira mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi.

Komanso chimene chidzakutopetseni si nyanja, ndi anthu. Mu 1982 Valentin Lebedev ndi Anatoly Berezovoy anakhala masiku 211 pa Salyut 7, anthu awiri ophunzitsidwa bwino, koma panafika poti ankangokhala chete osayankhulana. Mnzanu wotafuna mosokosera, wosiya thaulo lonyowa pabedi lanu, pa mwezi wachisanu amaoneka ngati mdani. Muuzeni nkhani ikadali yaing'ono, muli awiri, mwaulemu. Ndipo muzidyera pamodzi ndi anzanu ngakhale simukufuna. Munthu akayamba kutenga mbale kukadyera yekha ku bedi, dziwani kuti zayamba, kaya ndi inu kaya ndi mnzanu. Norman Thagard, waku America woyamba kukhala pa siteshoni ya Russia ya Mir mu 1995, ankatha masiku osayankhula chinenero chake, ndipo anati zimenezi zinamulemera. Inu mwina mudzakhala nokha woyankhula Chichewa, choncho jambulani mawu a ana ndi alamu mufoni, ikanimo nyimbo za kwaya ya kumpingo kwanu zikadali zotheka kudawunilodi.

Ma app olipira mwezi ndi mwezi amene wina wakutchulirani aja asiyeni, intaneti ya pa nyanja ndi yopimidwa. Gulani kope lachikuto cholimba, ma R30 kapena R40, muzilembamo madzulo zimene simungauze munthu. Bungwe la America loona za mumlengalenga, NASA, linapempha ma astronaut ena kuti azilemba chonchi pofuna kudziwa zimene zimawavuta, ndipo ine kope linandithandiza kuposa mowa umene anzanga ankathawirako. Onjezani zotseka m'makutu pogona, zimapezeka ku pharmacy. Mapiritsi ogonetsa musagule mwa nokha. Mukaona milungu iwiri yatha simukugona, simukudya, kapena maganizo odzichotsera moyo akubwera, uzani woona zachipatala pa sitimapo kapena kaputeni tsiku lomwelo.

China chaching'ono: ma astronaut amakonda tsabola chifukwa kumwambako madzi a m'thupi amakwera kumutu, mphuno n'kumakhala ngati ya chimfine, chakudya osamveka kukoma. Pa sitima vuto lidzakhala kudya zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Nyamulani mabotolo angapo a Nali, muwakulunge bwino m'masokosi.