Yankho kwa alamu pa za ulendo wa ku Rufiji ndi ku Mafia

Zikomo alamu, uthenga wanu uja ndaumvetsera kawiri konse, ndipo ndaona kuti ndiyankhire pagulu pompano kuti achemwali nawonso adzimvere okha, popeza ulendowu ndi wa anthu awiri. Mwafunsa ngati sabata ya Pasaka ingakukwanireni kuti mupite kumwera kwa Tanzania, mukaone nyama m'nkhalango ya Nyerere, kenako mukapumule pachilumba cha Mafia pokumbukira zaka 20 za ukwati wanu. Malowo mwasankha bwino kwambiri, koma mwezi umene mwaikawo ndi umene sindikugwirizana nawo, ndipo ndikupemphani kuti musunthire ulendowu mu Okutobala.

Pasaka imagwa mu Malichi kapena mu Epulo, ndipo kugombe la Tanzania imeneyo ndiyo nyengo ya mvula yamphamvu imene imafika mpaka mu Meyi. Eni ake amaitcha masika, koma dzinalo lisakunamizeni, chifukwa kwa ife masika ndi nthawi yokolola mvula italekeza, pamene m'Chiswahili akutanthauza chimvula chenichenicho. Misewu ya m'nkhalangomo ndi yadothi, malo ena ndi makande amene amagwira galimoto mpaka kumimba, moti malo ambiri ogona alendo amatseka m'nyengo imeneyo. Ngakhale mutalowa, udzu umakhala utatalika ndipo madzi amapezeka paliponse, choncho nyama zimabalalika, ndipo mukhoza kuzungulira tsiku lonse n'kuonako agwape okhaokha, chikhalirecho ndalama mwalipira zonse.

Mu Okutobala zinthu zimatembenuka. Zithaphwi zimakhala zitauma, ndipo njovu, njati, mbidzi ndi mikango zimatsikira kumtsinje wa Rufiji ndi kunyanja zing'onozing'ono za m'mbali mwake monga Manze ndi Tagalala. Kumatentha ngati ku Nsanje, zimenezo ndisakubisireni, koma nyama mumaziona mosavutikira. Nkhalangoyi inali mbali ya malo osungirako nyama a Selous mpaka mu 2019 pamene boma linaipatula n'kuipatsa dzina la Nyerere, ndipo pa nthawiyo kukula kwake kunkapitirira masikweya kilomita 30,000, koma alendo amangoyenda kachigawo kakang'ono ka kumpoto kwa mtsinje. Kumpotoko n'kumenenso kumapezeka akadyamsonga, ndipo mukachita mwayi mukhoza kukumana ndi mimbulu, imene m'maiko ambiri inatha kalekale.

Chimene sindingalole kuti mudumphe ndi ulendo wa paboti madzulo. Ine ndinkaganiza kuti munthu amene anakwerapo boti pa Shire ku Liwonde palibe chachilendo chimene angaone, koma Rufiji ndi wotambalala ndipo uli ndi michenga yambiri pakati, pamene ng'ona zimagona kukamwa kuli yasa. Woyendetsa boti wathu anazimitsa injini pafupi ndi gombe lalitali lokumbikakumbika mauna, ndipo timbalame tobiriwira tinkalowa ndi kutuluka m'maunamo pamwamba pa mitu yathu, mvuu zikupumira chapatali pang'ono. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kufiira, popanda ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa. Mukamapita kumeneko musavale zakuda kapena zabuluu, chifukwa mitundu imeneyi imakoka kashembe, ndipo kuluma kwake kumapyola malaya.

Chifukwa chachiwiri chosankhira Okutobala chili kunyanja. Kuyambira mwezi umenewo mpaka cha mu Febuluwale, kufupi ndi tauni ya Kilindoni kumabwera nsomba zikuluzikulu zotchedwa whale shark, zimene anthu a pachilumbapo amati papa potwe. Nsomba imodzi imatha kutalika kuposa minibasi, koma siluma munthu chifukwa imadya tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo alendo amasambira pambali pake. Mwezi wa Okutobala ndiye mphambano pamene chilimwe cha m'nkhalango chimakumana ndi nyengo ya nsombazi, moti ulendo umodzi umakupatsani zonse ziwiri.

Achemwali, pano ndikulankhula ndi inu makamaka, chifukwa ndikudziwa kuti mukamva za gombe mukuona mchenga wa ku Mangochi. Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina. Tsiku langa loyamba ndinadzuka ndi thaulo paphewa, koma nditafika kugombe ndinapeza madzi atathawa, maboti atakhala pamchenga chopendekeka ndipo amayi akutola nkhono kumene dzulo lake ndinkasambira. Madziwo amaphwa ndi kubwerera kawiri pa tsiku, choncho kusambira ndi maulendo a paboti zimatsata nthawi ya nyanja. Mbali yaikulu ya gombe la Mafia ndi mitengo yomera m'madzi, ndipo kukongola kwenikweni kuli pansi pa madzi ku Chole Bay, m'dera lotetezedwa limene linakhazikitsidwa mu 1995, ndiponso pamichenga imene imaonekera pakati pa nyanja madzi akaphwa. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho chitenje chanu chikhale pafupi nthawi zonse pamene mukuchoka kugombe kulowa m'mudzi.

Tsopano za mayendedwe, sabata imodzi ndi yochepa, ndipo ndikadakonda mutapempha masiku 10. Mukakwera ndege ku Lilongwe mufika ku Dar es Salaam tsiku lomwelo, koma mukumbukire kuti nthawi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi. Mukasankha msewu wodzera pa Songwe ndi ku Mbeya, muwonjezerepo masiku awiri popita ndi awiri pobwera, popeza kuchoka ku Mbeya kokha ndi makilomita opitirira 800. Kuchoka ku Dar es Salaam kudzera ku Kibiti mpaka pachipata cha nkhalango cha Mtemere, galimoto imadya pafupifupi maola 6. Mugone m'dera limenelo usiku utatu, ndipo malo ogona a kunja kwa chipata, chakumudzi wa Mloka, ndi otsikirako mtengo kuposa a m'kati. Ku Mafia kuli boti lochokera kudoko la Nyamisati, koma kwa anthu a masiku owerengeka ngati inu ndi bwino kulipira kandege kakang'ono, kamene sikakwanitsa ngakhale ola limodzi kuchokera ku Dar es Salaam. Tindege timeneti timalola katundu wa makilogalamu pafupifupi 15 m'chikwama chofewa, ndipo ine sutikesi yanga yolimba inakanidwa, moti ndinachita kusamutsira zovala m'chikwama chobwereka anthu akundiyang'ana.

Pa nkhani ya ndalama, Amalawi sitifunika viza polowa m'Tanzania, koma pachipata cha nkhalango timalipira ngati alendo akutali, chifukwa mtengo wotsika uja ndi wa nzika za maiko a East African Community, ndipo Malawi sali m'bungwe limenelo. Malipirowo amawerengedwa pa tsiku pa munthu aliyense, ndipo amafuna khadi la kubanki, choncho mukalankhule ndi banki yanu musananyamuke kuti khadilo likagwire ntchito kunja. Ku Mafia nakonso, mukagona m'dera lotetezedwa chakumudzi wa Utende mumalipira tsiku lililonse, pamene Kilindoni ali kunja kwa malire ake, ndiye mukhoza kugawa masiku anu pakati pa malo awiriwa. Mankhwala a malungo mutenge, komanso ndalama za shilingi zokwanira muzitapiretu ku Dar es Salaam.

Alamu, mawa lomwe mukaone mapasipoti onse awiri, chifukwa amafuna kuti akhale ndi miyezi 6 isanathe ntchito, ndipo ya achemwali ndikuikayikira. Mukandiuza masiku amene akupatsani kuntchito, ndidzakuthandizani kuwagawa.