Besi yanga ikumira m'phokoso la msewu, ndigule ampu yotani?

FUNSO

Akulu a danga la zoimbaimba,

Ndimaimba gitala ya besi ya nsambo zinayi, ija ya chibokosi yokhala ndi dzenje pamimba. Ine ndi mnzanga wa gitala timaima m'mbali mwa msewu kuimbira anthu odutsa, nthawi zambiri maola anayi. M'nyumba besiyo imamveka bwino, koma tikangotuluka panja imasowa, anthu amangoona zala zikuyenda. Ndinabwerekapo kaampu (kabokosi kokweza mawu) ka gitala koyendera mabatire, koma ndikakhudza nsambo yaikulu ya E sipika imangoti phwerrr ngati yang'ambika. Wogulitsa wina akundikakamiza chisipika cholembedwa mawati 300 pa katoni. Galimoto ndilibe, katundu yense ndimanyamula ndekha. Ndigule chiyani?

Woimba besi wa pamsewu

YANKHO

Achimwene, katoni ya mawati 300 ija isiyeni kaye pomwe munaipezapo. Vuto lanu ndikulidziwa bwino chifukwa nanenso besi ndaiimba panja zaka zambiri, ndipo phwerrr mukunenayo ndinamumvapo akutuluka mu ampu yanga yomwe, anthu ali ndiii kutsogolo kwanga.

Tiyambe ndi chifukwa chake besi imasowa panja. Nsambo yanu ya E, mukaikhudza osaipana, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi. E yaikulu ya mnzanu wa gitala imanjenjemera ka 82. Funde limodzi la mawu a nsambo yanuyo ndi lalitali mamita oposa 8, ndiye kuti limveke pamafunika kukankha mpweya wambiri zedi. Chibokosi cha gitala ya besi n'chaching'ono kuti chigwire ntchito imeneyo chokha. M'nyumba makoma ndi denga zimakuthandizani pobweza mawu. Panja palibe chobweza, mawu amangopita, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri amatsika ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). Onjezanipo kulira kwa injini za magalimoto, komwe kumakhala m'munsi momwemo muli besi, ndiye basi mwamira.

Kaampu ka gitala kaja sikanalakwe. Sipika yake inapangidwira mawu onjenjemera kuyambira cha ka 80 pa sekondi kukwera m'mwamba. Tsiku lina chotsani chotchinga cha kutsogolo, muimbe E mukuyang'ana pepala la sipikalo. Muliona likutuluka n'kubwerera mpaka kufika pomwe silingapitirire, ndipo phwerrr uja ndi pepalalo likumenya malire ake. Mukapitiriza choncho mudzabweza kwa mwini wake ampu yakufa.

Tsono za mawati. Opanga ena amalemba chiwerengero cha mphamvu yomwe ampu ingatulutse kwa kamphindi kochepetsetsa, pomwe chofunika kwa inu ndi mawati a RMS, omwe ingatulutse mosalekeza. Ngakhale mawati enieniwo sakweza mawu momwe anthu amaganizira. Mukachoka pa mawati 25 kupita pa 50 mwangowonjezera ma decibel 3, kusintha komveka koma kochepa. Kuti khutu limve ngati mawu awirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. N'chifukwa chake ine ndikamasankha ndimayamba ndayang'ana kukula kwa sipika ndi bokosi lake, mawati pambuyo.

Ndikupatseni zitsanzo zomwe oimba m'misewu amazidziwa. Roland Micro Cube Bass RX ili ndi masipika anayi a mainchesi 4, mawati 5 okha, ndipo imayendera mabatire 6 a AA. Ndi yopepuka, mawu ake ndi okoma, koma malo ake ndi pakhonde kapena pakona yachete. Pamsewu wa magalimoto siikwanira. Roland Cube Street EX ili ndi masipika awiri a mainchesi 8, imafika mawati 50 pa mabatire 8 a AA, imalemera makilogalamu oposa pang'ono 7, ndipo mukaitsegula mphamvu yonse imakupatsani maola pafupifupi 5. Sinapangidwire besi yokha, komabe imainyamula bwino ngati simukuikakamiza, ndipo ili ndi polowetsa gitala ya mnzanuyo ndi maikolofoni. Bose S1 Pro ili ndi sipika ya mainchesi 6 ndi batire la lithium lotchaja, ndipo kulemera kwake n'kofananako. Kwa munthu woyenda pansi atabereka besi kumsana, makilogalamu 7 kapena 8 ndiwo malire. Zoposa pamenepo funani kangolo ka matayala awiri, apo ayi phewa lidzakuletsani kutuluka masiku ena.

Koma musanataye ndalama pa ampu, yang'anani besi yanuyo, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Magitala a besi a chibokosi ambiri ali ndi pickup ya piezo, kachingwe kopyapyala kotola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku ampu, kogona pansi pa kafupa komwe nsambo zimatsamira. Ngati m'mbali mwa besi muli kabokosi ka mabatani ndi batire la mavolti 9, ndiye kuti preamp, kachipangizo kolimbitsa mawu a piezo asanafike ku ampu, ilimo kale, mungoonetsetsa kuti batirelo ndi lamoyo. Likafooka mawu amasweka, ndipo munthu amayamba kudzudzula ampu yosalakwa. Ngati mulibe kabokosi koteroko, piezo yopanda chothandizira imafuna ampu yomwe polowetsera chingwe pake ndi pa megaohm imodzi kapena kuposa (megaohm ndi muyezo wa kukana kwa magetsi). Mukailowetsa polowetsera chingwe wamba, mawu a pansi amathawa n'kutsala kuthetheka kwa zala kokhakokha. Ine ndinakhala nyengo yonse ndikuganiza kuti sipika yanga ndi yaing'ono. Tsiku lomwe mnzanga anandibwereka kapreamp kokwana m'thumba la malaya n'kukaika pakati pa besi ndi ampu yomweyo, nsambo ya A inamveka yodzaza mpaka woimba ng'oma anatembenuka kudzandiyang'ana.

Chinthu china chomwe ndikuchikhulupirira ndi mtima wonse, ngakhale chimamveka chachilendo kwa woimba besi: pamsewu batani la bass mulitsitse. Khutu la munthu silidalira 41 uja yekha kuti lizindikire E. Nsambo imatulutsanso mawu ena pamwamba pake, pa 82, pa 123, pa 164 ndi kupitirira, ndipo ubongo ukamva amenewa umadzaza wokha la pansi lija. N'chifukwa chake besi mumaimva ngakhale pa kawayilesi kakang'ono. Mawu otsikitsitsa ndi omwe amadya batire kwambiri komanso kuzunza sipika, pomwe odutsa sakuwamva n'komwe. Ngati preamp kapena ampu ili ndi high-pass filter, chosefa chochotsa mawu otsikitsitsa, dulani zonse za pansi pa 60 kapena 70, kenako mukweze pang'ono mawu a pakati. Mudzadabwa kuti mukumveka patali kuposa kale, batire likukhalitsanso.

Ampu muziiika pansi, osati pampando, ndipo ngati pali khoma kumbuyo kwanu isunthireni pafupi nalo. Nthaka ndi khoma zikubwezerani ena mwa mawu a pansi omwe panja pamalanda. Besi ikayamba kulira huuu yokha, ndiye kuti chibokosi chikumva sipika n'kumanjenjemera nayo. Tsekani dzenje la pamimba ndi chotsekera cha labala, dinani batani lolembedwa phase ngati lilipo pa preamp, ndipo musaime besi itayang'anizana ndi sipika.

Za maola anayi anuwo, musadalire kwambiri chiwerengero cha pa katoni, chifukwa besi imadya moto kuposa gitala kapena mawu a munthu. Werengani nokha: mavolti kuchulukitsa ndi ma Ah olembedwa pa batire kumakupatsani ma Wh, ndipo ma Wh mukawagawa ndi mawati omwe ampu ikudya mupeza maola. Batire la mavolti 12 ndi 7 Ah lili ndi 84 Wh. Ngati ndi la mtovu, simuyenera kulikama kupitirira theka kuti likhalitse, ndiye muli ndi 42 Wh basi. Ampu yodya mawati 15 pa avareji ilimaliza maola atatu asanakwane. La lithium, makamaka la LiFePO4, ndi lopepuka ndipo limalola kuligwiritsa ntchito pafupifupi lonse. Funaninso ampu ya Class D, chifukwa imataya mphamvu yochepa ngati kutentha. Ngati ampu ndi ya mabatire a AA, gulani otchaja a NiMH magulu awiri, gulu lina likhale m'chikwama. Batire musalisiye padzuwa.

Pokagula nyamulani besi yanu ndi chingwe chanu, mupemphe kuti ampuyo muiyesere panja ikuyendera batire, popeza zina zimatsitsa mphamvu mukazichotsa ku magetsi. Mnzanu wa gitala aime masitepe khumi kutali, inu muimbe E ndi A mwamphamvu momwe mumaimbira nyimbo ikafika pokoma. Iye ndiye akuuzeni zomwe akumva.

FUNSO LINA

Ndili kale ndi ampu ya besi ya magetsi a pakhoma. Kodi ndingaiyendetse ndi batire ndi inverter?

Mayi woimba besi

YANKHO

Mungathe mayi, ndipo ngati ampuyo ndi ya Class D yopepuka, njira imeneyi imapereka besi yodzaza kuposa maampu ambiri a mabatire. Inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma, ikhale yolembedwa pure sine wave. Zija za modified sine wave zimalowetsa kulira kwa zzzz mu sipika, komwe kumamveka kwambiri nyimbo ikadukiza. Dziwaninso kuti inverter imadyako gawo la mphamvu, ndiye batire likhale lokulirapo kuposa momwe masamu akuonetsera. Mawaya onse ndi batire zikhale m'bokosi lotseka koma lolowa mpweya, pakhale fyuzi pafupi ndi batire, ndipo mvula ikangoyamba kuwaza muzimitse.