Musamutsekere m'chipinda, ine ndinatsala pang'ono kufa

Achemwali, ndawerenga zimene munalemba za mlongo wanu amene akuvutika ndi uchidakwa, mpaka manja anga ayamba kunjenjemera ngati kale. Abusa amene akuti mumubweretse amutsekere masiku asanu ndi awiri akusala kudya, musawamvere. Chonde musayerekeze n'komwe. Ine ndinapita kumalo otere ndi miyendo yangayi, ndinatulukako atandinyamula.

Ndinamwa zaka 11, ziwiri zomalizazo ndikugona pa makatoni pansi pa mlatho. Ntchito inatha, akazi anga anatenga ana n'kupita, abale anatopa nane, ndipo sindiwadandaula, ndinawabera zambiri. Ndinafika poti m'mawa ndisanamwe, batani la malaya limandikanika kumanga. Ndiye anabwera anyamata a mpingo wina akulalikira, akuti kuli nyumba ya abambo osowa pokhala, bedi lilipo, chakudya chilipo, Yesu akukudikira. Munthu amene wagona pa simenti zaka ziwiri ukamuuza za bedi safunsa zambiri. Ndinawatsatira.

Bedi linalipodi, koma chakudya ayi, chifukwa tsiku lomwelo anati tiyamba kusala. Mowa unadulidwa nthawi imodzi, chitseko n'kuchikhoma kunja. Usiku woyamba ndi thukuta, kusanza, mtima kuthamanga. Tsiku lachiwiri sindimatha kugwira kapu ya madzi, amatayikira pachifuwa. Ndinawauza abusa a nyumbayo kuti bambo, thupi langa silili bwino, anati ndi chiwanda chikulimbana, limba mtima. Usiku wachitatu ndi umene sindidzauiwala. Ndinkaona nyerere zikutuluka m'khoma, zambirimbiri, zikukwera m'miyendo mwanga, zikulowa m'makutu. Ndinadzikanda mpaka magazi. Pakona panali munthu atakhala, wopanda nkhope, akunditchula dzina limene amandiitana mayi anga okha, amene anamwalira kalekale. Ndinakuwa, ndinamenya chitseko mpaka zala ziwiri kuthyoka, ndinadzikodzera, ndinadziipitsira, bambo wamkulu wa ana atatu. Atatsegula analowa anthu asanu. Awiri anandipanikiza pansi, mmodzi bondo lake pamsana panga, abusa akukuwa m'khutu mwanga kuti tuluka, tuluka, ndipo wachisanuyo anali ndi foni, akujambula. Kuwala kwa foni ija ndimakuonabe. Kenako ndinagwa ngati wakhunyu, ndinaluma lilime, magazi kudzaza m'kamwa, iwo n'kumaomba m'manja kuti chatuluka.

Amene anandipulumutsa ndi mlonda wa pageti, mdala wina amene sankalankhula n'komwe m'mapemphero. Anadikira onse agone, anandikulunga m'bulangete, n'kupeza galimoto yonditengera kuchipatala. Ntchito inamuthera pa chifukwa chimenecho.

Dokotala anandiuza nditatsitsimuka kuti chimene chinandigwira chili ndi dzina, delirium tremens. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, ubongo wake umazolowera kuponderezedwa ndi mowa, ndiye ukauchotsa mwadzidzidzi umathamanga wopanda mabuleki. Kunjenjemera kumayamba pakangotha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, kugwa ngati khunyu kumakonda kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kuona zinthu zoti palibe ndi kusokonekera mutu kumafika pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi. Anthu amafa nazo. Anandipatsa mankhwala okhazika ubongo otchedwa diazepam, akuchepetsa pang'onopang'ono, diripi ya madzi, ndi jakisoni wa thiamine, vitamini B1, amene nthawi zambiri amachepa m'thupi la chidakwa ndipo akasowa ubongo umawonongeka. Tsono taganizani, munthu wosowa kale zakudya m'thupi, inu n'kumuuza asale.

Abusa aja sanabwere kudzandiona ngakhale tsiku limodzi. Koma vidiyo ija anaiika pa Facebook, nkhope yanga poyera, thalauza litanyowa, pansi pake atalemba kuti mzimu wa uchidakwa wagonja, thandizani utumiki. Mwana wanga wamkazi anaionera kusukulu pa foni ya mnzake. Mpaka lero nkhani imeneyi sitinaikambepo ine ndi iye. Nditawaimbira kuti aichotse anati ndine wosayamika, chikhulupiriro changa n'chochepa, n'chifukwa chake ndinathawira kwa madokotala. Amati tizikhululuka, ndipo ndikuyesetsa, koma bambo amene uja ndikamuona akulalikira pa intaneti atavala suti yonyezimira, m'mimba mwanga mumatentha. Ndi angati anawatsekera m'chipinda chija amene analibe mlonda wowanyamula?

Musandimve molakwa ngati ndikunyoza za Mulungu. Lero ndili ndi zaka 6 osalawa dontho, ndipo ndi anthu a mpingo amene anandifikitsa pano, kungoti mpingo wina. Namwino wina ndi amene anandilozera kunyumba ina ya abambo, yoyendetsedwa ndi mdikoni wachikulire amene nayenso anali chidakwa. Ndinafika ndili tcheru, ndikudikira kukuwiridwa. Iye anangondipatsa sopo ndi thaulo, n'kundionetsa bedi. Sabata yathunthu sananditchulire vesi. Nditamufunsa anaseka, akuti William Booth amene anayambitsa gulu la chikhristu la Salvation Army ku London mu 1865, anthu ake ankati supu, sopo, kenako chipulumutso, ndipo ndondomeko yake ndi imeneyo, sutembenuza. Ankakonda Yakobo 2, paja pakuti ukauza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti pita mumtendere osamupatsa kanthu, wapindula chiyani.

Madzulo tinkakhala mozungulira, abambo khumi ndi awiri kapena kuposerapo, aliyense kunena zake popanda womudula pakamwa. Ankatsata masitepe 12 a Alcoholics Anonymous, gulu lija linayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith, zinazindikira kuti kucheza ndi chidakwa chinzako kumakuletsa kumwa tsiku limenelo. Mdikoni ankakonda kutikumbutsa kuti Bill Wilson yemweyo anakumana ndi Mulungu wake ali gone pabedi la chipatala ku New York mu 1934, akulandira mankhwala. Ndiye amene amati kupita kuchipatala n'kusowa chikhulupiriro akawerenge kaye. Sitepe yoyamba, kuvomera kuti mowa wandiposa mphamvu, inali yosavuta, aliyense ankaona. Imene inandiliza ndi yachisanu ndi chinayi, yopita kwa anthu amene unawalakwira. Kukaima pakhomo pa mchemwali wanga n'kunena kuti makina anu osokera aja ndinagulitsa ndine.

Pa mwezi wachinayi ndinagwa. Ndinalandira kandalama koyamba ka ganyu, ndinati botolo limodzi lokha, ndinadzuka patapita masiku atatu m'ngalande. Ndinabwerera usiku, ndikununkha, ndikudziwa kuti lamulo la nyumba likuti woledzera salowa. Mdikoni anatsegula, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutulutsa mpando ndi bulangete, tinakhala panja awiri mpaka kucha. M'mawa anandiperekeza yekha kuchipatala. Akanandibweza usiku umenewo bwenzi pano kulibe wolemba izi.

Tsono inu achemwali, choyamba chipatala. Akamuone dokotala asanasiye mowa, ndipo amuuze zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, osachepetsa chifukwa cha manyazi. Ngati amagwiritsanso ntchito heroin kapena mankhwala ena otere, dziwani kuti akasiya kwa masabata angapo thupi limaiwala, ndiye akadzabwerera pa mlingo wakale ndi pamene ambiri amafera. Za nyumba ya mpingoyo, pitani nokha kaye mukaone. Funsani ngati chitseko amakhoma kunja, ngati amalola munthu kumwa mankhwala a kuchipatala, ngati amajambula anthu, ndiponso amatani munthu akagwa n'kumwanso. Akakuyankhani kuti kuno sagwa, tulukani. Lankhulani ndi abambo okhala momwemo abusa palibe.

Koma inunso musamunyengerere. Ndalama m'manja musamupatse ngakhale alire bwanji, ife timadziwa kulira. Akabwera kwanu ataledzera musamutsegulire, agone panja amve kuzizira, mwina ndi pamene angaganize bwino. Ndikudziwa ndangonena kumene kuti ine ananditsegulira, koma uja anali mdikoni wodziwa zidakwa, inu muli ndi ana m'nyumba. Komanso ngati malo a abusa anuwo ndi okhawo amene alipo ndipo mvula ikumugwera pamsewu, kaya, bedi ndi bedi, mwina mupite naye, bola atadutsa kaye kuchipatala, asamutsekere akusala kudya, ndipo inu muzikamuona tsiku lililonse, akakukanizani kulowa mumutulutse tsiku lomwelo.

Ngati muli naye pafupi usiku uno, mufunseni kuti wamwa komaliza nthawi yanji, mulembe penapake. Akayamba kunjenjemera kwambiri, kutuluka thukuta, kapena kulankhula ndi anthu oti inu simukuwaona, musadikire kuche.