AFP ya abambo yakwera pang'ono: kodi khansa ya chiwindi yabwereranso?

Mayi wina wandilembera imelo ali ndi nkhawa. Abambo ake anachitidwa opaleshoni ku India yochotsa chotupa cha khansa pachiwindi. Opaleshoni isanachitike AFP yawo, puloteni yomwe amayeza m'magazi potsatira khansa ya chiwindi, inali pa 800, kenako inatsika kufika pa 9, koma mwezi uno yapezeka pa 24. Funso lake ndi lakuti: kodi khansa ija yabwereranso? Nanga magazi angawadziwitse zinthu zisanafike poipa, ndipo pali mayeso ena kupatula AFP?

Achemwali, pepani. Ndikudziwa kuti kapepala kakang'ono ka ku labotale kamatha kusowetsa tulo banja lonse. Nambala 24 payokha siinganene kuti khansa yabwerera. Komanso si yoti muingoisiya m'chikwama mpaka chaka chamawa.

AFP ndi puloteni yomwe chiwindi cha mwana chimapanga akadali m'mimba. Akabadwa imatsika, ndipo mwa munthu wamkulu kawirikawiri imakhala pansi pa 10 ng/mL. Maselo a khansa ya chiwindi, ija madokotala amati HCC, amayambanso kuipanga ngati kuti abwerera ku ukhanda. Wasayansi wa ku Russia, Garry Abelev, anaziona izi mu mbewa mu 1963, ndipo chaka chotsatira Yuri Tatarinov anazipeza mwa anthu.

Pa nkhani ya abambo anu pali chinthu chimodzi cholimbitsa mtima. Zotupa zambiri, mwina chimodzi pa zitatu zilizonse, sizikweza AFP konse, ndipo kwa odwala oterewa kuyeza AFP sikuthandiza kwenikweni. Chotupa cha abambo anu chinkaipanga, n'chifukwa chake inali pa 800. Ndiye kuti kwa iwo magazi angathedi kuchenjeza. Mmene inatsikira n'zosangalatsanso. Chotupa chikachotsedwa chonse, AFP imatsika ndi theka pamasiku 5 mpaka 7 alionse: 800 imakhala 400, kenako 200, mpaka pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi imafika pabwino. Ikakakamira pamwamba, madokotala amakayikira kuti pali maselo otsala. Yawo inafika pa 9.

Nanga yakweranji? AFP imakweranso chiwindi chikatupa kapena chikamadzikonza, makamaka mwa anthu omwe ali ndi hepatitis B (kachilombo kotupitsa chiwindi) kapena zipsera za chiwindi zomwe amati cirrhosis. Nthawi zina kusiyanako kumabwera chifukwa magazi ayezedwa ku labotale ina yomwe makina ake ndi osiyana. Ndiye chofunika ndi kuona kumene nambala ikulowera. Ikayezedwanso pakatha milungu ingapo pamalo omwewo n'kupezeka pa 20, imeneyo ndi nkhani ina. Ikapita pa 60, kenako pa 150, pafunika kuthamanga. Koma musadikire zonsezi muli kunyumba. Pitani ndi zotsatirazi kwa dokotala sabata ino, mupemphe kuti ayezenso ALT (yomwe imaonetsa ngati chiwindi chatupa) ndi kuchuluka kwa kachilombo ka hepatitis B ngati ali nako, ndipo mufunse za sikani ya CT kapena MRI. Magazi amangochenjeza, koma amene amaonetsa chotupa ndi sikani.

Ndikulankhula motsindika chifukwa khansa imeneyi imakonda kubwerera. Mwa odwala 10 omwe achotsedwa chotupa, mpaka 7 imatha kuwabwerera pazaka 5. Ikabwera m'zaka ziwiri zoyamba, kawirikawiri amakhala maselo a chotupa chakale omwe anali atalowa kale m'timitsempha ta magazi. Ikabwera mochedwa, nthawi zambiri chimakhala chotupa chatsopano chomera pachiwindi chodwala kale. N'chifukwa chake m'zaka ziwiri zoyambazo amayeza pafupipafupi, miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Chotupa chikapezeka chidakali chaching'ono, chimatha kuwotchedwa ndi singano kapena kuchotsedwanso.

Munafunsanso za mayeso ena. Alipo. PIVKA-II, puloteni ina yoyeza m'magazi yomwe ena amati DCP, imagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Japan, ndipo ikakwera imagwirizana ndi zotupa zomwe zalowa m'mitsempha ya magazi. Imanamiza ngati munthu akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena akusowa vitamini K. AFP-L3 ndi kagawo ka AFP kamene kamachokera kwambiri ku khansa kusiyana ndi kutupa wamba. Kulinso ofufuza tizidutswa ta DNA ya chotupa m'magazi, koma izi zikadali pakafukufuku, ndipo sindingakulangizeni kugulitsa mbuzi chifukwa cha zimenezo. Yang'anani kaye m'mapepala omwe munabwera nawo ku India. Ngati anayeza PIVKA-II opaleshoni isanachitike, nambala imeneyo ndi chuma. Onaninso lipoti la chotupa chomwe anachotsa, ngati analemba kuti chinalowa m'timitsempha, chifukwa zimenezo zimauza dokotala kuti akhale tcheru bwanji.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mabanja amaika maso onse pa AFP n'kuiwala chimene chinayambitsa. Kuno kwathu nthawi zambiri ndi hepatitis B, mothandizidwa ndi chiphe cha aflatoxin chochokera ku chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Kachilombo ka hepatitis B kakakhala kambiri m'magazi, mpata woti khansa ibwerere umakula, ndipo mankhwala ngati tenofovir amauchepetsa. Tenofovir yemweyu ali m'ma ARV omwe ambiri amamwa ku Malawi. Ngati abambo anapatsidwa, asadumphitse ndipo asasiye paokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kachilombo, chiwindi n'kutupa, AFP n'kukwera. Muwafunse mwaulemu ngati mankhwala anawathera masiku apitawa. Mowa, kaya wa m'botolo kaya kachasu, ausiyiretu, ndipo mankhwala azitsamba oti "otsuka chiwindi" asamwe dokotala asanadziwe. Nsinjiro muzisinja nokha kuchokera ku mtedza wosankha.

Inunso, achemwali, pamodzi ndi amayi ndi abale anu, kayezetseni hepatitis B. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002, ndiye ngati munabadwa chakachi chisanafike, n'kutheka kuti simunabayidwe.