Ndani ananena kuti rock ndi nyimbo za azungu?

Mnyamata wina wa ku koleji wandilembera imelo. Akuti akangoika nyimbo za Led Zeppelin, bandi ya rock ya ku England, anzake a m'chipinda amamuseka kuti "mzungu wakuda", ndiye akufunsa ngati asiye kapena awayankhe chiyani.

Achimwene, dzina limenelo anandipatsapo inenso ndili ku sekondale, ndipo linkandiwawa kwambiri. Chamba cha rock chimenechi ndinachidziwira kwa amalume anga omwe anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Kitwe. Pobwerera kumudzi anabwera ndi gumbagumba ndi katoni yodzaza mbale. Ankapukuta mbale ndi m'munsi mwa malaya, nkuuzira singano, kenako amati, "Mphwanga, khala pansi umve gitala akulira." Mbale yoyamba kundigwira mtima inali ya Jimi Hendrix, munthu wakuda, wamanzere, yemwe ankatembenuza gitala ya Fender Stratocaster nkumanganso nsambo kuti imuyenere. Kwawo ku America ankangoimbira ena kumbuyo. Anachita kupita ku London mu 1966 kuti dziko limudziwe, ndipo anamwalira komweko mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha. Pa chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock ku America mu 1969 iye ndiye anatsekera, Lolemba m'mawa, khamu lalikulu litapita kale. Amalume akafika pamenepa ankapukusa mutu.

Ndinene mosapsatira, anzanuwo sadziwa mbiri. Hound Dog imene anthu amati ndi ya Elvis Presley inayamba kutuluka mu 1953, woimba ali mayi wakuda, Big Mama Thornton. Elvis anadzaimba mu 1956. Dzina la bandi ya ku England ya Rolling Stones linachokera ku nyimbo ya Muddy Waters, woimba wakuda wa ku Mississippi ku America. Ngakhale Led Zeppelin yanuyo, mawu ena a mu Whole Lotta Love anatengedwa m'nyimbo yolembedwa ndi Willie Dixon, wakudanso, mpaka mkuluyu anakasuma mu 1985, ndipo lero dzina lake limalembedwa pa nyimboyo. Zimandipweteka kuti ife eni ake tikukana chuma chimene ena anachitola nkulemera nacho. Chuck Berry, Little Richard, Sister Rosetta Tharpe, oimba akuda onsewa tiwaiwale chifukwa choopa kusekedwa? Ayi ndithu.

Nanga kuno pafupi?

M'katoni ya amalume munalinso mbale za ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kumeneko kunabuka rock ya komweko yotchedwa Zamrock: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Paul Ngozi yemwe nyimbo zake zina ankaimba m'Chinyanja chathu chomwechi. Kenneth Kaunda atalamula kuti wayilesi iziika kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, mabandi amenewa anapeza mpata. Woimba wa WITCH, Emmanuel Chanda, anamutcha Jagari potengera Mick Jagger, woimba wa Rolling Stones. Taonani ulendo wake: nyimbo za akuda a ku Mississippi zinafika ku England, kuchoka kumeneko nkudzatera ku Copperbelt, dera la migodi ku Zambia. Mavuto a chuma mtengo wa kopa utagwa, kenako Edzi, zinatha oimba ambiri a nthawi imeneyo, ndipo ndikaganiza zimenezi chisoni chimandigwira mpaka lero.

Tsono musasiye, komanso musalimbane nawo. Usiku mugwiritse ntchito mahedifoni poti chipinda ndi cha nonse. Loweruka masana muwaikire Paul Ngozi pa YouTube, kenako Hendrix, Led Zeppelin ibwere pomaliza. Akatero mundilemberenso kuti anati chiyani.