Matabuleti akubwera kusukulu kwathu, tipemphe chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kusukulu ya pulayimale kumapiri a Tsangano. Akuti bungwe lina lakunja lawalonjeza matabuleti ndi intaneti, ndipo lawauza kuti alembe zimene sukuluyo ikufuna. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, zinthu zimenezi zimathandizadi kapena tingotaya nthawi? Nanga tilembe chiyani?"

Amayi, mwandigunda pachilonda. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Mundilole ndiyambe ndi za ine, yankho lanu likubwera.

Nditangomaliza sukulu ku Ulongwe ndinapatsidwa ntchito yoyang'anira chipinda cha makompyuta chimene anthu ena akunja anatimangira. Makompyuta analipo asanu ndi atatu, akuluakulu aja a msana wautali, ndi makina amodzi osindikizira. Tsiku lotsegulira kunaphedwa mbuzi, ngoma inavinidwa mpaka fumbi koboo, mfumu inadula riboni, alendo anajambula zithunzi nakwera galimoto dzuwa lisanapendeke. Makiyi anasiyira ine. Sindidzaiwala kulemera kwa makiyi amenewo m'thumba mwanga, ndinkayenda ngati ndasenza dziko lonse.

Ndipo miyezi yoyambirira zinali zokoma, sindingakane. Ana ankaima pamzere kuyambira m'mawa kuti angogwirako mausi. Tsiku lina kunabwera agogo ena ochokera cha ku Domwe, atayenda wapansi, akufuna kulembera mwana wawo amene anapita ku Joni ndipo anali atakhala chete zaka zitatu. Anali ndi kapepala kothaitha kamene mnzake wa mwanayo anawalembera adilesi ya imelo. Iwo ankalankhula, ine ndikulemba. Patatha masiku anayi yankho linabwera. Ndinalisindikiza, ndinawawerengera, iwo analipinda kanayi naliika m'chipewa, kenako anavala chipewacho. Sananene kanthu, anangondigwira dzanja ndi manja awo onse awiri kwa nthawi yaitali. Ngati wina adzakuuzani kuti zinthu zimenezi n'zachabe kwa munthu wakumudzi, ameneyo sanawaone agogo aja.

Koma mvula itabwera, mphenzi inawotcha makompyuta atatu tsiku limodzi. Panalibe woti n'kukonza kufupi, wodziwa anali ku Tete, ndipo ndalama ya ulendo wake sinalembedwe pena paliponse. Chaka chachiwiri chitatha, ndalama za pulojekiti zinathanso, ndipo bilu ya intaneti inasowa woilipira. Ndinalemba makalata, sanayankhidwe. Makompyuta otsalawo ndinawafunditsa zitenje za amayi anga kuopa fumbi. Tsiku lina nditatsegula imodzi ndinapeza mavu atamanga chisa pa kafani ka mkati. Pomaliza chipindacho anayamba kusungiramo matumba a feteleza. Ana aja ankandifunsabe pamsewu kuti, "Achimwene, mutsegula liti?" Ndinkayankha kuti posachedwapa, pamene mumtima ndikudziwa kuti sizidzatheka. Mpaka lero zimandipweteka.

Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti kachipinda kathu kanali kadontho chabe m'mvula yaikulu. Kuno ku Mozambique malo oyamba otere anatsegulidwa mu 1999 ku Manhiça ndi ku Namaacha, kudzera ku yunivesite ya Eduardo Mondlane. Mu 2003 atsogoleri a maiko anakumana ku Geneva, mu 2005 anakumananso ku Tunis, kukambirana zoti anthu osauka asatsalire pa nkhani za makompyuta ndi intaneti. Bungwe la UNESCO linasankha Mozambique, Mali ndi Senegal kuti achulukitseko malo ophatikiza wailesi ya m'dera ndi makompyuta. Ku Tunis komweko n'kumene anaonetsa kalaputopu kobiriwira kamene ankati kazigulidwa madola 100, mwana aliyense akhale ndi kake. Dziko la Peru linagula tambirimbiri, koma ofufuza atapita kukaona anapeza kuti ana sanapite patsogolo pa masamu ngakhale pa kuwerenga. Kamakinako kanafika m'manja mwa mwana, koma mphunzitsi wake sanakonzekeretsedwe. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira zitenje za amayi zija.

Chimene chinasinthadi moyo kuno sichinabwere ndi riboni. Ndi foni. Enanu mukukumbukira masiku amene tinkakwera pachulu, dzanja m'mwamba, kusaka netiweki ya ku Malawi, chifukwa ya kwathu inkathera m'tauni. Nthambo za intaneti za pansi pa nyanja zinafika ku Maputo, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010, koma Maputo ndi kutali, ife sitinamve kanthu. Tinayamba kumva mu 2012 pamene Movitel inayamba ntchito, kampani ya mafoni ya mgwirizano ndi Viettel ya ku Vietnam, tikuona anyamata akuimika mapolo ndi kukoka nthambo m'mbali mwa misewu yafumbi, kumene ena ankati kulibe phindu. Lero mlimi wa mbatata ya kachewere amafunsa mtengo wa ku Kwachena ku Tete ndi wa pa Lizulu asanakweze thumba pa galimoto. Amayi anga amalandira ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola osakwera shapa. Zimenezi n'zenizeni, ndimaziona ndi maso anga tsiku ndi tsiku.

Ndipo akunja sanasiye. UNICEF ndi ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi intaneti, anayambitsa pulojekiti ya Giga mu 2019, cholinga chake sukulu iliyonse padziko ilumikizidwe. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 200 miliyoni mu 2022 kuti intaneti ifalikire m'dziko muno. Mu 2023 nthambo ya 2Africa inafika ku Nacala, Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, nayonso inayamba kugwira ntchito chaka chomwecho. Komabe ITU ikuti mu 2024 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni anali asanalowebe pa intaneti. Ambiri mwa iwo ndi anthu ngati makolo a ana anuwo, amayi.

Tsono apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene zimandiwawa.

Choyamba ndi magetsi. Ife a chigawo cha Tete tili ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, lopanga mamegawati 2,075, limodzi mwa madamu akuluakulu mu Africa. Gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa nthambo makilomita oposa 1,400 kupita ku South Africa. Koma mwana wa ku Tsangano, wobadwira m'chigawo chomwecho, amatumidwa ndi foni ya bambo ake kukatchajitsa pa golosale ya munthu amene ali ndi sola, n'kulipira. Munthu amene akukubweretsera tabuleti asanakufunse kuti uzitchaja pati, ameneyo sanakhalepo usiku umodzi m'mudzi mwako. Ine ndafika poti pulojekiti iliyonse yosatchula magetsi patsamba loyamba sindiikhulupirira. Sindikunena kuti anthuwo ndi oipa mtima, ambiri ndi abwino ndithu, koma amawerenga makina amene agawa, sawerenga makina amene akuyakabe patatha zaka zitatu.

Chachiwiri n'chachikulu koposa, ndipo n'chimene chinandichititsa kuti ndiyambe kulemba m'chinenero chathu. Chaka china mvula inachuluka, mbatata ya amayi anga inagwidwa ndi chiwawu. Masamba anayamba madontho akuda, kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati ufa, ndipo pasanathe sabata mizere itatu inali itapserera ngati yapitidwa ndi moto. Amayi anandiimbira, ndinapita, tinakhala pamzere pomwepo foni ili m'manja. Netiweki inalipo, mamega ndinali nditagula. Ndinalemba "chiwawu cha mbatata". Palibe cha nzeru chimene chinatuluka. Nditalemba m'Chipwitikizi, masamba anadza ambirimbiri, ochuluka a ku Brazil, akutchula mankhwala a maina amene kuno sagulitsidwa ndi miyezi yosagwirizana ndi nyengo yathu. M'Chingerezi zinali zambiri kuposa pamenepo. Amayi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Chikuti chiyani chimenecho?" Ndinayamba kumasulira mawu amodziamodzi, ndikupunthwa. Anadzuka, anakutumula chitenje, anati, "Basi, ndikafunsa alangizi." Ndipo anapezadi thandizo kwa alangizi ndi pa pulogalamu ya ulimi ya pa wailesi ya kwathu, imene imalankhula monga iwo amalankhulira.

Tsiku limenelo ndinaona kuti msewu ukhoza kufika pakhomo pako koma osabweretsa katundu wako. Taonani Wikipedia. Ya Chipwitikizi ili ndi nkhani zoposa miliyoni imodzi. Ya chinenero chathu siifika ngakhale zikwi ziwiri, chonsecho olankhula tili mamiliyoni ambiri, kuno, ku Malawi ndi ku Zambia. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo imathandizako, koma mukaipatsa mawu a kumunda kapena a kuchipatala nthawi zina imabweza zinthu zoti simungayerekeze kuwerengera mayi anu. Vuto si makinawo. Makina amaphunzira pa zimene anthu alemba, ndipo ife talemba zochepa.

Chimandiwawitsa mtima n'chakuti phunziro limeneli tinaliphunzira kale kuno komwe. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, pa pulojekiti yotchedwa PEBIMO, ndipo malo oyeserawo anali Gaza ndi Chichangana, Tete ndi Chinyanja chathu. Inu aphunzitsi mukudziwa bwino kuposa ine mmene mwana wa kalasi yoyamba amakhalira duu mukamufunsa m'Chipwitikizi, ndi mmene amamasukira mukangotembenuza lilime. Ndiye bwanji tikuganiza kuti tabuleti yolankhula Chipwitikizi chokhachokha, kapena Chingerezi kumene, imumasula mwanayo? Anthu athu anapeza kale njira yawo. Onani mmene azakhali anu amagwiritsira ntchito WhatsApp: salemba, amadina n'kulankhula. Uthenga wa maliro, mtengo wa soya, nyimbo ya kwaya, zonse zimayenda ndi mawu apakamwa. Opanga mapulojekiti akanangokhala pa msika tsiku limodzi n'kumvetsera, akanadziwa poyambira.

Ndipatukeko pang'ono. Pali mphatso zina zimene muyenera kuziyang'ana kawiri. Facebook inabweretsa Free Basics m'maiko ambiri a mu Africa, kuyambira ku Zambia mu 2014: intaneti yaulere, koma masamba ochepa okha amene iwo avomereza. India inakana zimenezi mu 2016. Ine ndimamvetsa mbali zonse ziwiri, chifukwa munthu wopanda mamega sanyoza chaulere, koma sindifuna kuti mwana wa ku Tsangano akule akuganiza kuti intaneti yonse ndi khomo limodzi. Komanso tonse tikukumbukira kumapeto kwa 2024, chisankho chitatha, pamene intaneti ya pa foni inkazimitsidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kutsegula. Ogulitsa anasowa makasitomala, abale anasowana. Kuyambira pamenepo ndimalemekeza kwambiri chinthu chimene chasungidwa pamalo, m'kabokosi kamene kali m'kabati ya sukulu, choti chimatseguka kaya netiweki ilipo kaya palibe.

Nanga mulembe chiyani?

Landirani, amayi, musakane. Koma pa pepala lanulo matabuleti akhale kumapeto. Yambani ndi sola, mabatire ndi chotetezera ku mphenzi. Funsani kuti ndani adzalipira intaneti pulojekiti ikadzatha, ndipo yankholo lilembedwe. Pemphani kuti aphunzitse anthu awiri a pomwepo kukonza, mmodzi akhale wamkazi, ndipo asakhale aphunzitsi okhaokha chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa. Pemphani zophunzirira zogwira ntchito popanda netiweki, monga Kolibri kapena Kiwix, ndi mabuku a silabasi yathu ya Mozambique. Aphunzitsi muyambe ndinu kuphunzira, ana pambuyo. Komiti ya makolo ndi amfumu adziwe kumene makiyi azikhala.

Ndipo onjezani mzere umodzi umene mwina sakuuyembekezera: muwauze kuti mukufuna kuikamo zanu. Tabuleti ili ndi kamera ndi chojambulira mawu. Ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi akhoza kujambula alangizi akufotokoza za chiwawu ndi ntchemberezandonda, anamwino akufotokoza za kolera nthawi ya mvula, agogo akusimba nthano ndi mmene anathawira nkhondo kupita ku Ntcheu n'kubwerera mtendere wa 1992 utabwera. Zimenezo palibe wa ku Geneva amene angakubweretsereni m'katoni. Akakana mzere umenewu, mudzandiuze chifukwa chimene apereke.

Mukamaliza kulemba munditumizire ndione musanapereke. Mwezi wamawa ndidutsa pa mphambano ya Tsangano tsiku la msika, ndipo ndikhala ndi fulashi yomwe ndaikamo Wikipedia ya Chipwitikizi ndi tinkhani tochepa tija ta m'chinenero chathu. Mukatuma mwana wodalirika, ndimupatsira.