Chambe tsiku limodzi? Ndifunseni ine

Achimwene, zimene mwafunsa mugulu muno zoti muchoke ku Limbe m'mawa, mukagunde pansonga pa Chambe paphiri la Mulanje n'kudzagona pabedi panu tsiku lomwelo, ine ndinaziyesa mu June 2022 ndipo chikhadabo cha kuphazi langa lakumanzere sichinamerenso bwino mpaka lero. Enawa akukulemberani kuti n'zotheka bola miyendo, tawafunsani kaye ngati anapitirirapo pa Chambe Hut, nyumba yogona okwera phiri. Ambiri muno akati tinakwera Chambe amatanthauza kuti anafika panyumba paja, anamwa tiyi, n'kujambulitsa thanthwe lili kumbuyo kwawo. Pamenepo m'padambo chabe. Nsonga yeniyeni ili pa mamita 2,557, ndipo kuchokera pa Likhubula, m'munsi mwa phiri, mumakwera mamita opitirira 1,500 musanayambe n'komwe kuganiza zotsika. Anthu amathamangira ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse, chifukwa cha dzina ndi mamita 3,002 akewo, kotero njira ya kumeneko ndi yopondeka. Kunsonga ya Chambe kumapita anthu owerengeka, ndipo n'zimene zinatikopa ife, zitsiru.

Tinali atatu, ine, msuweni wanga wamkazi, ndi mnzanga wa kuntchito amene ankadzitama kuti Ndirande ndi Soche amakwera ngati akupita kumsika. Tinanyamuka ku Limbe cha m'ma 5 pa galimoto yake kudzera msewu wa Midima. Pa Chitakale tinaima kuti tigule mandasi ndi nthochi, ndipo tsoka lathu linatipezera pamenepo. Mnyamata wooneka bwino, jekete lofiira, nsapato zokwerera phiri zoposa zathu tonse, Chingerezi chochita kuyenderera. Akuti mabwana, Chambe nkwathu, ndimapitako sabata iliyonse. Akuti mukapita ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula akakuchedwetsani ndi zolembalemba, akakupatsaninso gayidi wa pamndandanda wodula, ine ndikudutsitsani mwachidule pa theka la mtengo. Amene anavomera ndine, ndisanamizire wina. Msuweni wanga anandiyang'ana diso lija la akazi, ine ndinvekere usadandaule, tipulumutse ya mafuta.

Tinayamba kukwera 7 itadutsa kale, kudzera njira ya Skyline, ija inatengera dzina ku chingwe chimene ankatsitsira matabwa a paini kuchokera kudambo la Chambe. Amene munadutsapo mukuidziwa, siipereka mpata wopumira, ndi chitunda kuyambira pansi mpaka mutulukire pamwamba. Anyamata a mpikisano wa Porters Race amakwera pamenepo chothamanga. Ife tinatenga maola anayi, mnzanga wa Ndirande uja akukhala pansi paliponse pamene paoneka mwala wosalala.

Panyumba paja tinapeza madala olondera akuwaza nkhuni. Atamva kuti tikupita kunsonga anasiya nkhwangwa, anayang'ana kumwamba cha kumwera, kenako n'kuti ana anga, lero ayi, mphepo yatembenuka, gonani pano mulawirire mawa. Anatembenukira mnyamata uja n'kumufunsa kuti kodi iwe ndiwe wa kwa yani, sindinakuonepo kuno. Iye anangoseka n'kumamanga zingwe za nsapato zomanga kale. Titangochoka pang'ono akuti musawamvere madalawo, akungofuna ndalama yogonera. Ndipo ine ndinaseka nawo. Chimenechi chimandiwawa kuposa chikhadabo.

Kudutsa dambo kunalibe vuto, udzu ndi zitsa za paini basi. Ukafika pamsana pa phiri zinthu zimasintha. Sikukhalanso kuyenda, kumakhala kukwawa, manja ndi miyendo zonse zili pantchito, malo ena umakankhana matako kuti mnzako afikire pogwira. Njira yake kulibe, umangotsata timilu ta miyala tosanjikiza timene anaunjika anzako akale. Ndinayamba kuona kuti gayidi wathu akufunafuna timiluto chimodzimodzi ife, kawiri konse anatilowetsa m'chigwembe n'kubwereramo, koma munthu ukalipira kale sufuna kukhulupirira kuti wagula mphaka m'thumba. Pansonga tinafika cha m'ma 2:40.

Ndisaname, kumwamba kuja nkokongola moti ndinaiwala kutopa. Chigwa chonse cha Phalombe chili pansi ngati mphasa, Nyanja ya Chilwa ikunyezimira uko, phiri la Zomba, la Chiradzulu, kumbuyo kwako Sapitwa ndi anzake atangoti ndondondo. Cha kumadzulo phiri limangothera m'malere, ndi thanthwe lija anthu a zingwe amati ndi la mamita 1,700, ndipo akhwangwala amauluka pansi pa mapazi ako. Zimenezi tinaziona mphindi mwina khumi. Ndikujambula msuweni wanga ndinaona chinthu choyera chikusefukira pamwamba pa mapiri a kumwera ngati phala likuwira mumphika. Ndinajambulanso chimenecho, ati kukongola. Chinali chiperoni.

Amene simunakumanepo nacho paphiri musamayerekeze ndi kamvumbi ka ku Limbe kapena ku Thyolo. Pasanathe theka la ola sindinkamuonanso mnzanga amene anali mapazi khumi kutsogolo kwanga. Mphepo yozizira ngati yotuluka mufiriji, timadzi tosaoneka ndi maso koma tonyowetsa mpaka kabudula wamkati. Thanthwe lomwe lija tinakwera likugwira nsapato bwinobwino linasanduka sopo. Timilu ta miyala tonse tinasowa, mwala uliwonse unkaoneka ngati mulu.

Tinatsika chokhala, matako pansi, mpaka tinafika pathanthwe lina lotsetsereka limene sindinkalikumbukira n'komwe. Mnzanga anatsogola, anatereka, anakhwekhwerezeka mamita angapo n'kukodwa m'zitsamba zija amapangira matsache, zomera m'ming'alu. Kukanakhala kuti panalibe zitsamba zimenezo bwenzi ndikulemba nkhani ina. Msuweni wanga ataona zimenezo anangouma pakati pa thanthwe, mimba pansi, manja atatambasula, tsaya lili pamwala. Kumuitana osayankha. Ndinakwawa mpaka ndinamugwira kakolo, mwendo wonse ukunjenjemera ngati wa munthu wa malungo. Anangonena kuti sindisuntha, kawauzeni mayi. Ndinali m'munsi mwake, zala zanga zitachita dzanzi moti sindinkadziwa ngati ndagwira mwala kapena ayi, phazi lakumanzere ndalipanikiza mumng'alu kuti lititchinjirize tonse awiri, ndipo ndinamva chikhadabo chikusomphoka mkati mwa nsapato koma sindikanalichotsa. Kumanja kwathu kunali kuyera kokhakokha, ndipo mphepo inkachokera pansi kubwera m'mwamba, ndiye ndinadziwa kuti kumeneko ndi phompho. Tinakhala choncho sindikudziwa, mwina mphindi makumi anayi. Ndinamuimbira nyimbo ya kwaya ya kwathu, ine amene ndinasiya kupita kutchalitchi kalekale, ndikusuntha phazi lake ndi dzanja langa pang'onopang'ono, kuliika pamene ndaona kuti pagwira, kenako linalo, kenako linalo.

Nanga gayidi? Ndinamukuwira kuti njira ili kuti, iye ali chikhalire pamwamba pathu, jekete lofiira lija atadziphimba nalo kumutu. Mpamene anaulula. Akuti bwana kunena zoona kunsonga kuno nkoyamba, ndimathera panyumba paja. Nkoyamba! Munthu wa sabata iliyonse uja! Titafika pamalo okhazikika anati dikirani pompano ndikaone njira kutsogoloku, ndibwera pompano. Ananyamuka ndi chikwama chachikulu chimene tinamusenzetsa, mmene munali majuzi athu awiri, tochi yeniyeni, pawabanki ndi mbatata yophika. Sitinamuonenso.

Mwezi wa June 5 ikangodutsa dzuwa lapita, ndiye onjezani chifunga. Tinalowa pansi pa chimwala china chopendekera, kukumbatirana atatu ngati ana a mbewa. Foni yanga inali itazima ndi zithunzi zija, ya msuweni netiweki ikubwera kadontho kamodzi n'kuthawa. Ndipo tikanaimbira ndani? Ku ofesi sitinalembetse, kumeneko palibe ankadziwa kuti paphiri pali anthu atatu. Kunyumba ndinangoti tapita ku Mulanje. M'mutu mwanga munkangozungulira nkhani ya Gabriel Buchmann, wa ku Brazil uja anafa ndi kuzizira ku Sapitwa mu 2009, ndi mtsikana wa ku Netherlands uja anasowa mu 2003 osapezekanso. Nkhani zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndinkazikamba ndekha pamowa kuti azungu samva. Mnzanga anayamba kulankhula zosamveka n'kumati akufuna agone pang'ono, ndipo ndinamuwomba mbama ziwiri kuti asagone. Mpaka pano amati ndinapezerapo mwayi.

Cha m'ma 8 tinamva mluzu, kenako wina akumenya chitini. Tinakuwa mpaka mawu kutha. Anali madala aja, atavala nkhwaira za matayala ndi chijasi chong'ambika, ali ndi anyamata awiri amene ndikukhulupirira kuti anali ocheka matabwa, anthu omwewo ndimawatukwana muno tsiku ndi tsiku kuti atimalizira mkungudza. Madala anati ataona mdima wagwa ife osatulukira, komanso ataona jekete lofiira likudutsa chakutali lokha osayang'ana kunyumba, anadziwa. Sanatikalipire. Anangoti tinali titapatuka pamsana n'kulowera mbali yolakwika, ndipo tikanapitirira pang'ono panalibenso potsikira. Anatitsitsa mumdima, iwo kutsogolo akupapasa mwala ndi dzanja ngati akupapasa khoma la nyumba yawo, mnyamata mmodzi atagwira msuweni wanga palamba. Panyumba tinafika pakati pa usiku. Moto, tiyi wa shuga wambiri, nsima ya nyemba imene anali atasungira mkute wawo.

Tsono mnyamata uja, ngati uli mugulu muno, chifukwa ndikudziwa anthu ngati inu mumakhala m'magulu momwemuno kusaka makasitomala, za tochi ndi pawabanki sindikudandaula, idya. Ngakhale bodza loyamba lija ndikhoza kulimvetsa, njala imanamitsa. Koma unadutsa pafupi ndi nyumba, moto ukuoneka, munthu ali momwemo, osaima n'kunena kuti ndasiya anthu atatu kumwamba. Mawu anayi okha. Unasankha kuti tife kusiyana n'kuti madala akufunse mafunso. Mawa lake tinakufunafuna pa Chitakale, a kabaza onse akuti sitikumudziwa, ena akuseka. Ndipo anthu ngati iwe ndi amene mumaipitsa mbiri ya anyamata a ku Likhubula amene anayamba ndi kusenza katundu zaka ndi zaka asanaloledwe kutsogolera munthu. Chaka chatha chomwechi wina anaika muno chithunzi ali ndi gayidi wa jekete lofiira, ndinachikulitsa mpaka kuwonongeka, sanali iwe, koma tsiku lonse silinandikomere.

Ndiye achimwene, langizo langa. Musapite tsiku limodzi. Kagoneni pa Chambe Hut, mulawirire kunsonga, mutsike masana kudzera Chapaluka kuti mukaviike miyendo pa Dziwe la Nkhalamba. Komano ndikudziwa kuti simundimvera, inenso sindinamvere, ndipo kunena zoona n'zotheka ndithu. Ife tikanayamba 4 koloko ndi matochi, osaima pa mandasi, tikanakhala tili pansi chifunga chisanafike. Ndiye ngati mwatsimikiza, musachokere ku Limbe, kagoneni ku Likhubula dzulo lake. Ikani nthawi yobwerera, 12 koloko ikakwana musanafike pansonga tembenukani, ngakhale mukuiona ili apo. Ine ndikanatembenuka? Ayi, ndipo mphindi khumi zija sindingazigulitse, koma inu tembenukani.

Lembetsani ku ofesi ndipo tengani gayidi wa pamenepo, ngakhale mtengo ukuwaweni. Mukamupeza mufunseni pamaso pa anzake kuti kunsonga ya Chambe anafikako liti komaliza, chifukwa namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula malo ambiri paphiri lija ndipo zimene ndikukumbukira ine mwina sizilinso choncho. Koma musamukhulupirirenso kwambiri. Juzi, tochi ndi chakudya zikhale pamsana panu, osati pake, kaya akhale wachilungamo bwanji. Nsapato zikhale zogwira mwala, dulani zikhadabo. Foni ina muizimitse muisunge m'pulasitiki. Miyezi ya chiperoni, May mpaka August, ndi yoopsa, koma ndi imenenso kumwamba kumayera bwino, chifukwa pofika September ndi October utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa chonse ndipo mukavutikira kukaona fumbi. Nthawi ya mvula musayerekeze n'komwe.

Madala olondera akakuuzani kuti lero ayi, khalani pansi muwathandize kuwaza nkhuni. Muwatengerekonso shuga ndi mabatire a tochi. Ndipo mukakonza tsiku ndiuzeni ku inbox, mwina ndingapite nawo, msuweni wanga yekha ndi amene analumbira kuti ngakhale Michiru sadzapondanso.